Mpheta za m'foni ya Tamanda

Amayi, ndati ndikufunseni, kodi kumeneko muli bwanji? Ife kuno tilipo. Mpunga wa ku Likangala tinamweta sabata yatha, ndipo wachita bwino kuposa chaka chija munatisiya. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira Lachiwiri, mwana wamkazi, mphuno ngati yanu. Denga la khitchini likudonthabe.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tamanda, mwana wanga uja. Atamaliza maphunziro a makompyuta ku Zomba anabwerera kuno n'kupanga yekha masewera a pafoni. Pagalasi la foni pamaoneka munda wa mpunga, mpheta zimatera, iwe n'kumaziingitsa ndi chala. Belu likalira zimabwera zambirimbiri. Zimenezo anatengera kwa inu, paja munkati mpheta za ku Likangala zimadziwa nthawi ya tchalitchi.

Kupanga anapanga, koma kuti anthu awadziwe masewerawo ndiye inali ntchito. Ankapalasa njinga mpaka kudoko la Kachulu, kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni a anthu, kukawapempha kuti aziikamonso masewera ake. Anamatanso mapepala m'mitengo, olembedwa kuti "Gemu yatsopano, bwera udzawine." Analakwitsa pamenepo. Kuno munthu akamva gemu ndi kuwina amangoganiza za kubetcha mpira, kumene kwapasula mabanja angapo kudoko kuja. Mbiri inawanda yoti mwana wa Esinati akufalitsa juga. Amayi a kumpingo analetsa ana awo, ndipo anyamata a ku Kachulu anayamba kumukana. Tamanda analira, nati angogulitsa kompyuta yake apite ku Blantyre akafune ntchito ya m'shopu.

Mukundidziwa, Amayi, pagulu sindilankhula. Koma Lachinayi ndinapita ndi foni yake kumsonkhano wa amayi. Ndinaipereka kwa Mayi Nachisale, amene anatsogolera zoletsazo, ndipo ndinati, "Mayi, tandiingitsireniko mbalamezi, mukapeza pamene pali juga mundionetse."

Anaigwira ndi nsonga za zala ngati ikuwotcha. Asanadziwe n'komwe pokhudza, mpheta zinali zitawathera munda wonse.

"Iyayi, ndinali ndisanakonzeke. Tabwezeraninso," anatero.

Ulendo wachitatu anakolola. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga poti ndawina, ndilandira zingati?"

Ndinati palibe, nkhokwe ya m'fonimo ndiyo imadzaza basi.

"Kuvutika konseku osagwira kanthu? Ndiye si juga ayi, ndi ulimi weniweni umenewu."

Amayi onse anaseka mpaka nyimbo yotsegulira inachedwa. Potuluka, Mayi Nachisale anandikokera pambali kuti Tamanda akawaikire m'foni ya mwana wawo, koma asauze bambo a kunyumba.

Mapepala aja Tamanda anawachotsa. Atsopanowa akungoti "Ingitsa mpheta, kolola mpunga." Anyamata a ku Kachulu ayambiranso kuika, ndipo wogulitsa mbewu wina wa ku Zomba wamuimbira foni, akufuna dzina la shopu yake lizioneka pankhokwe ya m'masewerawo. Sanagwirizanebe, koma ine sindikukayika. Za ku Blantyre sakuzitchulanso.

Ndimakukondani monga kale, Amayi. Ndikukulonjezani kuti kompyuta ya mwanayu siigulitsidwa ine ndili moyo, ndipo Lachinayi lililonse foni ndizipita nayo.

Ndine mwana wanu,
Esinati