Thumba la Kumanzere

Lolemba, 6 Juni 1988

Chipoka. Mwera wayamba. Mchenga m'maso, mchenga m'makina osokera. Ndathira mafuta kawiri.

Ntchito yochuluka. Amayi onse akufuna malaya a chikondwerero cha Julaye, nsalu imodzimodzi, aliyense akuti ake ndiyambe. Pakhonde la sitolo palibe popumira.

Lero pakamwa pandipereka. Mayi wina watambasula nsalu yake, ine n'kuti, "Kapulana yokongola bwanji!" Kapulana! Kuno amati chitenje. Chaka chonse ndikulondera lilime, lero mawu akwathu angotuluka okha. Mayiyo sanamve. Koma bambo wina amene amamwa tiyi pabenchi anatembenuka.

Zimene anandiphunzitsa a Hajara, eni nyumba imene ndimagona, ndizilembenso, mwina mutu wangawu umva. Khadi la chipani lisachoke m'kamisolo. Wofunsa kwathu ndimuuze kuti ku Likoma, ndine mlamu wawo. Za kwathu kwenikweni ku Metangula, tsidya la nyanja, za nkhondo, pakamwa chete. Anati, "Ester, wopanda mapepala amamunyamula kupita ku kampu, makina ako adzatsala ndi wina."

Nanga za Maria nazo chete? Mwana wanga mmodzi yekhayo. Tsiku lothawa anali kumapiri kwa akulu anga a Fanny, bwato silinadikire. Ine tsidya lino ndi mutu wa makina, iye tsidya lija. Ndamusowa mpaka m'mafupa.

Lachinayi, 9 Juni

Bambo wa pabenchi uja wabwera ndi buluku long'ambika pabondo. Anadikira anthu achoke. Kenako motsitsa mawu, "Bondiya, mama."

Mayo ine! Singano inatsala pang'ono kundilasa. Moni wakwathu, pakhonde la ku Chipoka!

Akuti ndi Agostinyo, wa ku Metangula. Amawoloka ndi boti la injini, kupita ndi mchere ndi sopo, kubwera ndi nsomba zouma. Tchalitchi akulidziwa. Mitengo ya mango ya padoko akuidziwa. Ndinalira osachita manyazi.

Sanandifunse zambiri. Ndine ndinakhuthula. Mudzi wa a Fanny, chipsera cha Maria pachibwano, mmene amaopera abakha. Buluku ndasoka ulere.

Anati, "Mwana mmodzi sachepetsa malo m'boti." Chakudya chandikana lero, chifukwa cha chimwemwe.

Lamulungu, 12 Juni

Ndawauza a Hajara. Ndikanadziwa!

Anali kusankha usipa pamphasa, sanadzutse n'komwe mutu. "Wallahi, a Bondiya achuluka chaka chino." Akuti mayi wina wothawa nkhondo, a Bondiya omwewo anamugulitsa matumba a usipa, pamwamba nsomba, pansi mchenga. Wina anapereka wotchi ya mwamuna wake kuti amupangire mapepala, mpaka lero akudikira. Onsewo sanapite kupolisi. Akanakanena kuti ndi ndani?

Kenako anandibaya: "Anakuuza chiyani chimene iwe sunayambe wamuuza?"

Ndinapsa mtima. Iwo ana awo onse ali pakhomo, amawawerenga ndi maso madzulo aliwonse. N'chapafupi kuchenjera mwana wako ali pamphasa.

Koma funso lija landikhala. Tchalitchi, ndani anayamba kutchula? Sindikukumbuka.

Nzeru ndaipeza pantchito yanga yomwe. Amayi akumidzi akafuna diresi la mwana amene watsala kunyumba, amabwera ndi chingwe. Mfundo yoyamba chifuwa, yachiwiri chiuno, yachitatu kuchokera paphewa kufika pansi pa bondo. Ndimuuza Agostinyo akandibweretsere chingwe cha Maria, a Fanny amange mfundo. Akabwera nacho, ndiye kuti wamuona.

Loweruka, 18 Juni

Agostinyo anapita Lachitatu. Za chingwe anaseka, akuti n'zochepa.

Nyanja yakwiya sabata yonse. Asodzi angokhala kusoka maukonde. Ndikamva injini mtima phaa, koma ndi ngolo ya njanji.

Ulusi wakwera mtengo. Mabatani oyera asowa.

Pachipata cha msika anyamata ofunsa makadi a chipani. Ndinatulutsa langa. Mmodzi anati, "Mayi a ku Likoma, kalankhulidwe kanu kokoka." Ndinaseka nawo. Mkati ndafa kale. Tomato ndinaiwala kugula.

Mano akutsogolo a Maria anamera? Ndinamusiya ali ndi mpata, akulankhula mopeperera.

Lolemba, 27 Juni

WABWERA NACHO.

Chingwe choyera cha ukonde, mfundo zitatu. Ndachiyeza pa tepi, ndachiyezanso. Mwana wanga watalika! Chiuno chaching'ono koma, sakudya bwino. Ndachikulunga padzanja, sindikuchivula.

Akuti a Fanny akupereka moni, mwendo ukuwavuta. Akuti Maria amatunga yekha madzi tsopano, chipsera chija chikadalipo. Akuti anafunsa, "Amama abwera liti?" Pamenepo ndinalowa kuseri kwa sitolo.

Koma pali vuto. Boti si lake. Mwini wake akufuna za mafuta, komanso pali anthu a mfuti oti atsekedwe pakamwa panjira. Ndalama zoterozo ine ndizione kuti? Akuti ndipereke makina ngati pinyolo, ndidzawombola pang'onopang'ono mwana akafika.

Makina awa anagula malemu bambo a Maria. Ndinawoloka nawo pamiyendo, madzi akulowa m'bwato, anthu akuti ndiwataye. Ndi amene amandidyetsa. Koma makina sanganditchule kuti amama.

A Hajara anachigwira chingwecho, n'kuchinunkhiza. "Chotere chili m'sitolo iliyonse ya Salima." Ndinawayankha kuti kodi kwathu kulibe maukonde? Sitinalankhulane mpaka pogona. Komabe phala anandisungira.

Lachinayi, 30 Juni

Ndadula kapulana yanga yomaliza. Yabuluu ya mbalame zachikasu, imene ndinavala pothawa. Kuno sindinaivalepo, nsalu yotere kulibe, anthu akanafunsa. Lumo litalowa ndinatseka maso.

Diresi la Maria. Manja otukumuka, mabatani kumbuyo, ndachotsa pa bulauzi langa. Thumba ndaika kumanzere, chifukwa mwana wanga ndi wamanzere. Aphunzitsi anamumenya zala, agogo ake anamumanga dzanja, iye osasintha. Wamakani ngati mayi ake.

Malaya a amayi a chikondwerero aunjikana, ena ayamba kundinyoza. Anyoze.

Ndi Agostinyo tagwirizana chonchi. Diresi litsogole Loweruka ndi boti la mnzake, a Fanny akaliona adziwe kuti uthenga ndi wangadi, atsike ndi mwana kudoko. Makina adzawatenga Lachisanu la sabata yamawa, ndikamaliza za amayiwa. Kenako akamutenga Maria.

M'thumbamo ndaikamo maswiti awiri.

Loweruka, 2 Julaye

Diresi lapita. Ndinalipsompsona pakhosi ndisanalikulunge, Agostinyo anayang'ana kumbali.

Ndapempha a Hajara mphasa yachiwiri, ya Maria. Anandipatsa. Atafika pakhomo anati, "Insha Allah ndikhale ine wonama."

Msana ukuwawa. Malaya atsala ochepa.

Adzandizindikira? Ndaonda. Ndidzamuphunzitsa kunena chitenje, kunena kuti kwawo ndi ku Likoma. Mwana wanga adzayamba ndi kuphunzira bodza. Palibe kanthu, bola ali pano.

Lachitatu, 6 Julaye

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Lole inatitenga m'mawa, amayi onse a ku Chipoka, kupita ku boma ku Salima. Kukana kulibe. Fumbi, ng'oma, dzuwa. Tinavina, tinaimba. Malaya amene ndinasoka ndekha ali mbali zonse.

Masana ndinapita kumpopi kukamwa madzi. Pamzere panali ana. Ndinaona mbalame zachikasu.

Ndinati Maria. Mulungu ndi mboni, ndinati wafika kale, andibisira kuti ndidabwe. Ndinathamanga, chitenje chikugwa. Ndinamugwira paphewa.

Nkhope ina. Kamtsikana koyera, kopanda chipsera.

Diresi langa. Manja otukumuka, mabatani a bulauzi langa. Lomukwana ndendende, paphewa, pachiuno, pansi pa bondo, ngati ndinamuyeza ndekha. Ndipo ndinamuyezadi. Chingwe chija ndi chake.

Ndinafunsa dzina. Eveles, wa ku Lifuwu. Diresi anamugulira ndani? "Ababa, a Augustine. Akuti lachokera ku Lilongwe." Ababa ake ali ndi boti? Anaseka. "Ababa amaopa nyanja, amasanza."

Anali ndi mtedza m'dzanja lamanja, akufuna pouika. Dzanja likupapasa kumanja, thumba kulibe. Kupapasanso, kulibe. Anati, "Telala wake ndi wopusa, thumba anaika kolakwika."

Ndinati eya mwanawe, ndi wopusadi.

Ndinamukonzera kolala, inali itapindika. Amayi ake anamuitana, anathamanga.

M'lole pobwerera amayi akuimba. Ine ndinatsegula pakamwa kuti asandione, mawu osatuluka.

Lachisanu, 8 Julaye

Dzulo sindinadzuke. A Hajara ndinawauza zonse. Sananene kuti ndinakuuza. Anangondipaka mafuta kumapazi.

Lero Agostinyo wabwera, njinga ndi malamba a mphira omangira makina. Akumwetulira. "Bondiya, mama."

Ndinamusiya atsamire njinga. Kenako ndinati, "Bambo Augustine, Eveles thumba lija walizolowera?"

Nkhope inagwa ngati nsalu yonyowa. Bondiya yense anathera pomwepo. Chichewa cha ku Salima chenicheni chinatuluka: "Mayi, musandivute. Apolisi akamva za kapulana, mugona kuti?"

Mlendo alibe pokadandaula, iye amadziwa zimenezo kuyambira tsiku la tiyi lija.

A Hajara anali atakhala pa thumba la usipa kumapeto kwa khonde. Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo awo aja. "Uyu ndi mlamu wanga wa ku Likoma, Chipoka yonse ikudziwa. Koma iwe, amene umauza anthu kuti umawoloka malire ndi boti kukalankhula ndi a mfuti, tiye tonse kupolisiko. Ukafotokoze bwino." Anayamba kumanga mpango kumutu.

Agostinyo anakwera njinga osatsanzika. Lamba mmodzi anagwa, ali pano.

Asa! Munthu wa ana ake. Anayeza mwana wake ndi manja ake, n'kumanga mfundo, akudziwa kuti ndikazigona nazo pachifuwa. Maswiti aja anadya ndani?

Makina alipo. Ndawapukuta, ndathira mafuta. A Hajara akuti ndithokoze Mulungu, ena anataya zonse. Ndathokoza.

Koma ichi sindingawauze. Njinga ikukhota pa njanji paja, ndinafuna kumuitana. Abwere, akhale pabenchi, andinamizenso. Anene kuti Maria amatunga yekha madzi. Chaka chonse palibe wina amene anatchulapo dzina la mwana wanga ngati wamuona dzulo.

Lamulungu, 17 Julaye

Mphasa yachiwiri ndabweza. A Hajara akana, akuti ikhale.

Kutchalitchi kwabwera banja latsopano, akuti ndi a ku Nkhotakota. Mwana wake atayetsemula, mayiyo ananena mawu akwathu, n'kudzigwira pakamwa. Ndinamuona. Iyenso anandiona. Sindinapite kwa iye. Mwina ndi wakwathudi, mwina akudziwa kumapiri kwa a Fanny. Mwina ndi Bondiya wina. Ndinatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Kuchenjera ndaphunzira. Kukuwawa kuposa kupusa kuja.

Lolemba, 1 Ogasiti

Mwera wachepa. Ntchito yachepanso, zigamba zokhazokha.

Chingwe ndinachivula padzanja. Kutaya ndalephera. Chili m'kabokosi ka mabobini. Ndi cha mwana wa eni, koma nayenso ndi mwana.

Za kapulana zinatsala zidutswa, mbalame imodzi yathunthu ndi mapiko. Ndagula nsalu yabuluu wamba ya diresi lina la Maria, ndidzaika mbalameyo pathumba. Kumanzere.

Ndayala nsalu pathebulo, choko m'manja, tepi pakhosi. Ntchito imene ndimagwira ndikucheza, osayang'ana. Lero ndangoima.

A Hajara anati, "Dula lalikulu, upinde mpendero waukulu, adzakuliramo."

Lalikulu bwanji? Ndinamusiya mutu wake ukufika pamchombo panga. Ndaika dzanja pamenepo, ndalikweza pachifuwa, ndalikwezanso. Telala wa Chipoka yonse, ana a anthu ndimawayeza ndi maso ali kutali.

Wanga sindikudziwa afika pati.