Chikhomo cha Mjigo Chaphuka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Msakambewa tilipo, kungoti miyendo yanga ikudandaula. Kasupe wa kuphiri uja anaphwa, ndiye madzi tikukafukula mumchenga kudambo la kutsidya.

Nthawi ya kampeni kunabwera anthu pagalimoto, n'kukhoma chikhomo kuseri kwa chigafa chanu chakale cha fodya. Anati tikangovota, pamenepo adzakumba mjigo. Tinavota, inki inatha kuchala, makina osaoneka. Mvula nayo inangowaza n'kuthawa, chimanga chinafota chisanamasule.

Lamulungu lapitali, pochokera ku Misa, ndinapeza chikhomo chija chaphuka masamba! Kani anachidula ku kachere wamuwisi. Amuna anga anaseka mpaka kukhala pansi, amvekere, "Chitukuko chija chafika, Naphiri. Thamangira ndowa!"

Ine sindinaseke. Masana omwewo tulo tinandiba pakhonde, ndipo ndinalota kachereyo atakula mpaka kufunditsa mudzi wonse. Njiwa zimene zinathawa titamaliza mitengo ya m'phiri zinali zitabwerera. Madzi ankatumphuka kumizu, ozizira bwino, malemu amayi akuchapa pomwepo, akuyimba chapansipansi.

Tsopano ndimamuthirira madzi otsukira mbale, ndipo ndamutchingira ndi minga kuopa mbuzi. Oseka aziseka.

Pobwera mudzandigulireko ndowa yachitsulo, yanga ija inabooka. Ambuye akusungeni nonse. Madzi sindikulonjezani, achimwene, koma mukachedwa monga mwa chizolowezi chanu, mudzapeza mthunzi.

Ndine mlongo wanu,
Naphiri