Ubongo M'mbale Yanga ya Alendo

14 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, koma nyumba yanga yasanduka butchala.

Mwana wanu uja anamaliza sukulu ya udokotala, koma akuti saloledwa kugwira wodwala mpaka akhoze mayeso ena. Alemba Lachinayi likubwerali. Chikumuvuta ndi phunziro la ubongo ndi mitsempha yake. Ndiye wagwirizana ndi wogulitsa nyama kuti azimusungira mitu ya mbuzi. Amaiswera pakhonde, ubongo n'kuika m'mbale yanga ya alendo, yamaluwa munandipatsa ija. Amaucheka ngati buledi, ndi mpeni wanga, uku akutchula maina osamveka. Ndikatsegula firiji ndimapeza zinthu zotuwa, zoterera, pafupi ndi mkaka. Nseru yake, achemwali! Ndinati, "Adokotala, inu mukhoze, ife tife ndi njala?" Iye kuseka: "Amayi, inunso muli nawo womwewu m'mutumo." Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Mbuzi zitamukwana, anatembenukira kwa ife. Bambo ake anawakanda kuphazi ndi kiyi, iwo n'kumaseka ngati kamwana. Ine anati nditsinzine, nditambasule manja, nditulutse lilime. Munthu wamkulu ngati ine kutulutsira mwana lilime! Ndinatulutsa. Iye anasiya kuseka. Anandiuza nditambasulenso manja, limodzi n'kutsika lokha, kenako anati, "Amayi, dokotala wa mitsempha amabwera kuchipatala Lachinayi lokha. Tipite. Mayeso ndidzalemba chaka chamawa."

Chaka chamawa! Mitu ya mbuzi chaka china chathunthu m'nyumba muno? Ndinamukalipira, ndinati dzanjalo linangotsika chifukwa chotopa ndi kuchapa. Za kapu imene inandipulumuka Lamlungu sindinamuuze, ngakhale za ina ya dzulo. Zidutswa zake ndinazikwirira pansi pa zinyalala. Koma mwanayu saŵerenganso, amangondiyang'ana ndikamatunga madzi, buku lili chitsegulire. Kuyang'ana kumeneko kukundinyansa kuposa ubongo uja.

Chonde bwerani Lachitatu. Mudzamuuze kuti kuchipatala mundiperekeza ndinu, iye akalembe mayeso ake. Inu amakumverani. Za makapuzo zikhale pakati pa inu ndi ine mpaka atatuluka m'mayeso.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mukhululuke zilembo zokhotazi, cholembera sichinalakwe. Mbale yanu ndaitsukatsuka, fungo latha. Mukabwera mudzaichotse nokha pashelefu, ine ndingaigwetse.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Dokotala