Pomwe Panali Tenti ya Bwana

Amayi, kodi kumene munapitako mukukhalako bwanji? Ndine Lukasi, mtchona wanu uja. Ndikulemba ndili m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya bwana ku Rosebank, kuno ku Joni. Miyezi isanu yatha chikuikireni m'manda, ine osaponyako ndi dothi lomwe. Chifukwa chake mukuchidziwa: ndikangowoloka malire, kubwerera kuno kulibe, ndipo mkazi ndi ana ali kuno.

Achemwali a Felesiya alemba kuti mvula yayamba bwino, chimanga m'munda mwanu chafika m'maondo. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri, koma khalidwe lolowa m'minda ya eni sinasiye. Kunonso mwalandira mdzukulu. Nomsa, mpongozi wanu amene simunamuone, anachira mu Okutobala, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Esinati. Mawu anatengera inu ndithu, akalira agalu a msewu wonse amayankha. Mkulu wake Thoko mano awiri akutsogolo agweluka, koma kulongolola sikunachepe.

Koma sindinatenge cholembera chifukwa cha mbuzi. Ndalakwitsa chinthu, Amayi, ndipo mtima suli m'malo. Muyambe mwadziwa kuti pasi yanga, chiphaso chondilola kukhala kuno, amasaina ndi bwana, mwezi ndi mwezi. Tsiku limene angakane kusaina, apolisi akandipeza mumsewu ndiye ulendo wa kumalire, ana n'kutsala kuno opanda bambo.

Azungu angawa, bwana ndi dona wake, alibe ana, ndiye chimene amakonda n'kukagona kutchire. Pa Pasaka amapita kumapiri, nyengo yozizira amakaona nyama, pa Khirisimasi amatha masabata awiri kunyanja. Nyumba yonseyi amaisiya n'kukalumidwa ndi udzudzu. Nditakuuzani m'kalata munayankha kuti, "Uwauze abwere kuno ndiwapatse mphasa yanga, ine ndikagone pa bedi pawo." Munaseka, koma maulendo amenewo ndiwo agwira banja langa. Nomsa ndi ana amakhala ku Alexandra, lamulo sililola kuti agone kuno, ndipo ine ndimawaona Lamlungu masana okha. Galimoto ya bwana ikangokhota pakona, kalavani yawo yogonamo ili pambuyo, banja langa limalowa pa geti. Ukwati wathu tinadyera pa Pasaka. Thoko anabadwa mu Meyi, koma keke yake amadula mu Julaye, azungu akapita kukaona njovu, mpaka mwana amalimbikira kuti iye ndi wa Julaye.

Disembala wapitayu ndinati ndimete maliro anu. Kumudzi anameta kalekale, koma ine tsitsi ndinalisunga, ngakhale dona anadandaula kawiri kuti mutu wanga wasanduka chitsamba. Ndinaitana anzanga anayi a kwathu ku Ntcheu amene amagwira m'mayadi momuno. M'kachipinda kanga munthu wachitatu amakhala pakhomo, ndiye ndinatulutsa m'galaja tenti yakale ya bwana, imene anaileka atagula kalavani, n'kuikhoma kuseri kwa galaja pomwe mitengo imatchinga maso a oyandikana nawo nyumba. Tinapemphera, tinaimba monong'ona. Tangoganizani, kukuimbirani monong'ona inu amene mukayambitsa nyimbo m'tchalitchi a kutsidya kwa mtsinje ankamva! Galimoto ikadutsa mumsewu tinkalekeza pakati, kumvetsera ngati yaima pa geti. Mmodzi anandimeta ndi lezala. Tinakazinga mtedza umene munakolola komaliza, achemwali anatumiza kathumba ndi munthu wobwera kuno. Nomsa analira kuposa ine, munthu woti nkhope yanu amangoidziwira pa chithunzi.

Kulakwa kwanga kuli apa. Tentiyo inayenera kugwa mawa lake. Koma Thoko anagwira mzati n'kundifunsa kuti, "Baba, iyi ndiye nyumba yathu?" Ndinati inde, ya masiku awiri. Masiku awiriwo anasanduka asanu ndi anayi. Khirisimasi tinadyera momwemo, nkhuku ndi mpunga, matewera a Esinati atayanikidwa pa zingwe za tenti. M'mawa ndikadzuka ana ali pambali panga, ndikakathirira maluwa pobwera tiyi akundidikira. Ndinakondwa, Amayi, mpaka ndinaiwala nzeru za ntchito yanga yomwe.

Tinaizula kutatsala masiku atatu kuti azungu abwere. Nditanyamula chinsalu cha pansi, ndinaona tsoka langa. Kapinga yense anali atafa, wachikasu, ngodya zinayi zowongoka bwinobwino, zoti ndi mwana yemwe atha kudziwa chimene chinali pamenepo. Ine amene ndasamala kapinga ameneyu zaka khumi ndi ziwiri! Ndinathirira m'mawa ndi madzulo, ndinamwaza feteleza, ndinapesa ndi leki, koma ayi ndithu. Nomsa anangogwira pakamwa n'kuti, "Hawu, baba ka Thoko, tagwidwa." Ndinamukalipira ngati tentiyo anakhoma ndi iye, ndipo anabereka mwana n'kupita osatsanzika. Mukadakhalapo mukadandikoka khutu.

Ndiye ndinatenga khasu. Ndinagaula pofa ponsepo, n'kuunda bedi la maluwa, n'kuzula maluwa kwina m'yadi kudzaokerapo. Paja munkandiseka kuti, "Mwana wanga anapita ku Joni kukalimira maluwa, kaya ndiwo zake n'chiyani." Tsiku limenelo maluwa ndinawalimira ngati chimanga cha chaka cha njala.

Azungu anafika Lachinayi masana, atafiira ndi dzuwa. Dona ataona bedi lija anaomba m'manja, akuti ndawakonzera mphatso ya Khirisimasi, ndipo ine ndinayamba kupuma. Bwana analizungulira pang'onopang'ono, manja kumbuyo, akuyeza ndi mapazi. Pa ngodya yachitatu anawerama n'kuzula chikhomo cha tenti chimene ndinachiiwala mu udzu. Anachipukuta pa kabudula, anayang'ana mutu wanga wometawu, n'kuchiika m'thumba. Masiku anayi anatha osanena kanthu. Moni ankayankha bwinobwino, ndipo n'zimene zinkandiopsa kwambiri.

Dzulo ndinapita ndi pasi pakhomo la kukhitchini. Bwana anaiika patebulo, chikhomo chija pambali pake, cholembera osatsegula. Anandifunsa kuti m'tenti munagona ndani. Bodza ndinali nditalikonza kale, loti ndinkangoiyanika chifukwa inachita nkhungu. Koma inu munkati, "Lukasi, iwe usamavutike n'kunama, mphuno yako imachita thukuta." Inali itayamba kale. Ndinanena zonse: mkazi wanga, ana anga awiri, ndi anthu anayi amene anabwera kudzalira nane amayi anga.

Iye anakweza mutu n'kuti, "Mayi ako anamwalira? Liti?"

Amayi, munthu ameneyu ndinamuuza mu Ogasiti, telegalamu ili m'manja mwanga, iye akukonza nyale ya kalavani. Anati pepa tsiku lomwelo. Waiwala. Ndinafuna kumufunsa ngati iye anachita kugwa mumtengo, koma maso anga anali pa cholembera chija.

Wasaina. Apolisi ndawapulumuka mwezi uno. Koma wati akanapezeka anthu m'yadi mwake, mlandu ukanagwera iye, ndiye zondisiya ndekha pano zatha. Kuyambira pa Pasaka ndizipita nawo ulendo uliwonse, ndizikawasonkhera moto ndi kuwatsukira mbale, geti azitseka ndi loko, kiyi n'kusiya kwa oyandikana nawo. Ananena mokoma, ngati akundichitira chifundo, akuti nanenso ndikaone mapiri. Ndipo ine mwana wanu ndinavula chipewa n'kuti, "Zikomo bwana." Manyazi amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi.

Nomsa sakudziwa. Lamlungu lapitali, ndisanapite ndi pasi kwa bwana, ndinapita kukamupepesa, ndipo ndinamupeza akusoka kadiresi koyera. Tinagwirizana kuti Esinati abatizidwe pa Pasaka, phwando lake lidzachitikire kuno, masiku anayi tili limodzi. Anandikhululukira, anandionetsa pomwe adzaike maliboni. Pondiperekeza ku basi, Thoko anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti, "Baba, azungu apitanso liti?" Ndinamuwerengera miyezi pa zala zake, mwana n'kubwerera akudumpha.

Lamlungu likudzali ndikamuuza Nomsa zonse, osazungulira. Ndipo ndikukulonjezani, Amayi, kuti mwana wa dzina lanu adzabatizidwa bambo ake ataima pambali pake, ngakhale likhale Lamlungu wamba, ngakhale phwando likhale la maola awiri ine n'kuthamangira basi. Zimenezo ndikwanitsa. Chimene chandikulira n'choti ndikamuuze chiyani Thoko. Inu munali ndi mawu oti mwana amve chinthu chowawa koma n'kugonabe tulo. Ngati kumeneko amalola, ndibwerekeniko Lamlungu lisanafike.

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Lukasi