Timadontho Tiwiri ta Jestina

Kaphuka, Dedza
14 Julaye

Okondedwa achimwene a Zikhalo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chatisautsa. Kachewere takumba, wachita bwino.

Achimwene, mtima wanga suli m'malo. Mwezi wa Meyi munabwera ndi anzanu a ku labotale kudzatenga magazi a ana amene analandira katemera. Amayi ambiri anakana. Ine ndinali woyamba kupereka mkono wa Jestina wanga, chifukwa wogwira jakisoni munali inu.

Munandifotokozera bwinobwino. Munati magaziwo mumawasefa, n'kuika maselo ake m'kambale kokhala ndi timaenje tambirimbiri, mwana aliyense kadzenje kake. Akagonamo mumatsuka n'kuthira mankhwala, ndipo paliponse pamene panali selo yopanga asilikali olimbana ndi matenda pamatuluka kadontho. Timadontho tikachuluka, ndiye kuti katemera wagwira.

Chithunzi cha kambaleko, chimene munanditumizira pa foni, ndachiyang'ana mpaka maso kuwawa. Munalemba kuti kadzenje ka Jestina ndi kachitatu mumzere wapamwamba. Timaenje ta anzake tadzaza timadontho ngati njere za mpiru. M'kake ndikuonamo tiwiri tokha. Nditakufunsani munangoti nthawi zina kambale kamalakwika, n'kudula foni. Chiyambire tsiku limenelo simukuyankha.

Lachinayi kunabwera galimoto ya kuntchito kwanu, inu mulibemo. Namwino anati akufuna magazi ena, a Jestina yekha. Nditafunsa chifukwa chake, anayamba wayang'anizana ndi dalaivala, kenako anati ndi mmene amachitira.

Ndiulule, ndinanama. Ndinati mwana ali kwa azakhali ake ku Kabwazi, chonsecho anali m'nyumba, kuseri kwa matumba a kachewere, nditamuuza kuti asatsokomole.

Abambo ake, a Gerevazio, akuti magaziwo mukugulitsa kunja. Zimenezo ine sindikuzikhulupirira. Changa n'china. Ndimakudziwani kuyambira tili ana, mukabisa kanthu mumafulumira kutsanzika. Mwanayu wadwala chibayo kawiri chaka chino. Mwaona chiyani m'kadzenje kaja?

Namwino uja anati abweranso Lolemba. Mukandiimbira inuyo n'kundiuza zoona, ngakhale zowawa, mwanayo ndimusambitsa n'kukwera naye galimotoyo ndekha. Mukakhala chete, adzapeza chitseko chotseka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Rozina