Zitenje Zofiira Padenga

Amalume a Majidi,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Joni sichikukuzunzani. Kuno ku Ndirande tilipo, kungoti madzi akuvutabe ngati kale.

Munafunsa za sukulu yoyendetsa ndege ija. Ndinayamba, amalume. Loweruka linali tsiku langa loyamba kukwera kandege ka anthu awiri ku Chileka, ine ndi aphunzitsi. Alongo anu, amayi anga, anauza mzere wonse wa nyumba. Anayala zitenje zawo zofiira padenga n'kupsinja ndi miyala, ati ndizindikire kwathu ndili m'mwamba.

Masana kandege kanadutsadi pamwamba pa phiri. Akuti nthungululu zinamveka mpaka kumsika, akabaza anaimika njinga. Madzulo anandilandira ndi mpunga wa nkhuku. Amayi akulumbira kuti anandiona ndi maso awo ndikuwabayibitsa pawindo.

Amalume, mpungawo ndinalephera kuudya. Ife titangonyamuka, nyumba zitayamba kuchepa ngati mabokosi a machesi, manja anga anauma pachiwongolero, kenako ndinasanza. Aphunzitsi sanakalipe. Anangokhotetsa ndege, tinatera, n'kundipatsa madzi ndi kansanza. Pamalo panga anakwerapo wophunzira wina, ndiye amene anadutsa pamwamba pa phiri masana aja. Zotsalazo ndidzakuuzani pamaso.

Aphunzitsiwo akuti ambiri amayamba choncho, ndipitenso Loweruka likubwerali. Kumsika anthu ayamba kale kundiitana kuti Kaputeni, ndiye masiku ano ndikumadzera njira yakuseri kwa mzikiti.

Chonde mukamaimba foni musawafunse zambiri amayi. Zitenje zija sanazichotsebe padenga.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Luqman