Zivundikiro Makumi Awiri ndi Zinayi

Lolemba, 9 Juni

Mayeso ayamba. Mabotolo 24 ali m'madzi ofunda, lililonse ndi utitiri wake wam'madzi, tizilombo tochepa ngati njere za mpiru. Mabuku amati plankitoni, ine ndimati ana anga. Mabotolo 12 ndi Akale, ochokera m'mazira amene tinafukula m'matope akuya a damu, omwe anagona fakitale isanayambe kutayiramo madzi otentha. Enawo ndi Amakono, a m'matope apamwamba. Funso ndi limodzi: kodi Amakono anazolowera kutentha kuposa makolo awo? Zaka ziwiri ndikuwalera kuti andiyankhe.

A Ndondomeko, osamala zipangizo za mu labu, ayimbanso nyimbo yawo ija. "Dzina limalembedwa pa botolo, mayi, osati pa chivundikiro." Ndawayankha monga mwa masiku onse, kuti botolo limanyowa ndipo inki imafufutika. Munthu ameneyu ndikukhulupirira kuti ngakhale masupuni a kunyumba kwake ali ndi manambala.

Lachiwiri, 10 Juni

Bambo anga anaimba foni. Zaka makumi atatu anagwira pa boyila, thanki yowiritsira madzi ya fakitale yomweyo, ndiye ntchito yanga amaiona ngati mlandu wawo. "Utitiri wako wandigamula kale? Uwuuze kuti ine ndinkangotsegula mpopi akandituma." Ndati mboni zikadali m'madzi, adikire.

Lachitatu, 11 Juni

Ndalakwitsa, ndipo palibe wina womuloza chala.

Pa zivundikiro panamera nkhungu. A Ndondomeko anali ku msonkhano, ine n'kuti ndiwaonetse kuti ukhondo ndimaudziwa. Ndinavundukula mabotolo onse, zivundikiro khuthu m'beseni, sopo, burashi, kanyimbo pakamwa. Nzeru zinandibwerera manja ali m'thovu. Maina onse ali m'beseni, mabotolo ali chete, ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Malo sangandithandize, chifukwa m'mawa uliwonse timawasinthasintha kuti kuwala kusakondere ena.

Ndinavundikira mwachisawawa n'kutuluka ngati wakuba.

Lachinayi, 12 Juni

Tsiku lonse pa maikulosikopu. Akale ndi Amakono diso ndi limodzimodzi, timiyendo timodzimodzi, kudumpha kumodzimodzi. Ndinafika pomunong'oneza mmodzi kuti, "Agogo, ngati ndinu, tukulani mwendo." Anatukula yonse.

A Ndondomeko anafunsa ngati maso akundivuta. Ndati fumbi.

Choipa ndi ichi. M'mabotolo ena ayamba kufa, ndipo mtima ukundiuza kuti amene akufawo ndi Akale basi, si ndi zomwe timayembekezera? Ndingoika zivundikiro molingana ndi maliro, lipoti lituluke lokongola, palibe angadziwe. Ndalemba manambala ake pa kapepala, kali m'thumba. Ndikuchita manyazi ngakhale kulemba muno.

Lachisanu, 13 Juni

Kapepala kagona m'thumba. Ine sindinagone.

M'mawa bambo anaimbanso, ndipo ndinawauza zonse. Ndinkayembekeza nthabwala. Koma anati, "Ife pa boyila tinkalemba zomwe geji yoyezera kutentha yanena, osati zomwe abwana akufuna. Kawauze anzakowo." Atatero anafunsa ngati mlandu wawo wathera pomwepo.

Ndinawapeza a Ndondomeko akumwa tiyi. Ndinaulula mutu uli pansi: beseni, sopo, zaka ziwiri zopita ndi madzi, ndi kapepala komwe. Anamaliza tiyi wawo osafulumira. Anatsuka kapu, n'kuipukuta, n'kuiika pa malo pake. Ine ndikufa pang'onopang'ono.

Kenako ananyamula botolo limodzi m'mwamba. "Tasuzumirani kunsi."

Kadontho kofiira. Botolo lina lilibe. Botolo lachitatu, kadontho.

"Okhala ndi dontho ndi Akale," anatero. "Utoto wa m'zikhadabo sufufutika m'madzi. Ndinayamba sabata yomwe munakana kulemba pa botolo. Mayi akunyumba mpaka lero akufunafuna kabotolo kawo, amaganizira mng'ono wawo."

Zaka ziwiri munthu akudontheza utoto kunsi kwa mabotolo anga, botolo latsopano lililonse, osanena kanthu! Sindinadziwe ngati ndiwathokoze kapena ndiwakwiyire, ndiye ndinangolira. Iwo anandipatsa pepala lopukutira magalasi a maikulosikopu, limodzi lokha, chifukwa ndi owerengeka. Mawu oti "ndinakuuzani" sanatuluke, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa.

Loweruka, 14 Juni

Tawerenga limodzi. Mwa Akale 12, mabotolo anayi okha ndi amene akuberekanabe. Mwa Amakono, asanu ndi anayi. Zikuoneka kuti anazoloweradi, ngakhale a Ndondomeko akuti tibwereze kawiri tisanatsegule pakamwa.

Ndinatulutsa kapepala kaja kuti ndifananize. Mabotolo atatu amene ndinkati ndi Akale chifukwa akufa anali Amakono. Ndikanawanamizira ukalamba.

Chisoni chinandigwira ndi Akalewo. Kugona zaka makumi asanu m'matope, kudzutsidwa ndi ine, n'kufera m'madzi amene sanawaonepo. Bambo nditawauza sanaseke. Anangoti, "Ndiye kuti mpopi uja unkafika kutali."

Lolemba, 16 Juni

Ndalemba maina pa mabotolo onse 24, m'mbali, ndi zilembo zazikulu. Madontho ndawasiya.

Popita ku ntchito ndinagula kabotolo ka utoto wofiira, n'kulembapo kuti "Ka mayi akunyumba, mng'ono wawo alibe mlandu." Ndinakaika pafupi ndi kapu yawo. A Ndondomeko anakanyamula, anayang'ana kaye pa chivundikiro. Panalibe kanthu. Anakatembenuza, n'kuwerenga m'mbali mpaka kumapeto.

Anakaika m'thumba la malaya, n'kundikankhira mpando wa pa maikulosikopu. "Botolo loyamba, mayi. Inu werengani, ine ndilemba."